Mbale ya Karoti Yasowa Mwini

2 Novembala

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Nanga bondo la Ababa lija lasiya kuvuta? Ine kuno kunja ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira moluma makutu.

Amayi, khalani kaye pansi, ndipo ngati muli ndi singano m'manja muyiike patali. Chaka chino sindibwera kuphwando lathu la pa tchuthi. Abwana anga kuno kophikira buledi andikaniza, akuti nyengo imeneyi ndi imene anthu amagula makeke ngati mawa ufa utha padziko. Ndapempha, ndachonderera, ndagwetsa ndi misozi yeniyeni. Iwo angondipatsa kansalu kopukutira m'maso n'kundilozera uvuni.

Chikundisowetsa mtendere ndi karoti wanga. Patsikulo aliyense kwathu ali ndi chake: Ababa nyama yowotcha panja, inu mbatatesi za mu uvuni, Azakhali mpunga, achimwene kabichi wawo womvetsa chisoni uja, ine karoti wa uchi m'mbale yachikasu yobenthuka m'mphepete. Ndiye mbale yanga itsale yokha m'kabati ngati mwana wamasiye?

Ndili ndi maganizo. Bwanji muwapatse alamu anga, akazi a achimwene? Chino ndi chaka chachinayi chilowereni m'banja mwathu, koma kukhitchini sanagwireko ngakhale supuni.

Mundiyankhe pa kalata. Pafoni mumangondikalipira mpaka foni kutentha, nkhani osaimva. Ndiuzeni zonse za kumeneko.

Ndine Mzime wanu.


13 Novembala

Mzime wanga,

Tili bwino tonse. Bondo la bambo ako limapweteka likangoona ntchito, likamva fungo la nyama limachira lokha.

Kalata yako ndawerenga chiimirire, pakuti sindiwe unandibereka kuti uzindiuza nthawi yokhala pansi. Ndalira pang'ono, kenako ndakwiya, kenako ndatsuka mbale yako yachikasu ngakhale inali yoyera kale.

Ndakonza motere. Sitovu yathu ukuidziwa, mapuleti anayi, koma lakumbuyo lija limatentha likafuna lokha. Limenelo ndapatsa achimwene ako, mwina chaka chino kabichi apulumuka. Mpunga wa Azakhali ukhala kutsogolo chifukwa iwo sapindika msana. Mbatatesi ndiziwiritsa pang'ono m'mawa, ndizigwedeze mu poto kuti zikhakhale kunja, kenako zilowe mu uvuni ndi mafuta otentha kale ndi adyo. Karoti ndiphika ndekha. Undilembere ngati uchi umathira poyamba kapena pomaliza, chifukwa zaka zonsezi ndinali wotanganidwa kukukalipira, sindinaonetsetse.

Za Aphunzitsi, mlamu wakoyo, iwala. Iwe sudziwa zimene ndinaona ine. Chaka choyamba nditakwatiwa, amayi a bambo ako anandiika kukhitchini ndi thumba lathunthu la mbatatesi ndi kampeni kobuntha. Ndinasenda mpaka zala kuchita matuza, misozi ikugwera m'beseni. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ndikadzakhala ndi mpongozi, sadzagwira mpeni m'nyumba mwanga patsiku la chisangalalo. Mwana wa eni ake amakhala chiimirire chaka chonse kutsogolo kwa ana a anthu, ndiye abwere kuno kudzapsa ndi mafuta? Ayi. Adzakhala pabalaza, adzamwa tiyi m'kapu ya maluwa, ndipo ndiwalembera mawa lomwe.

Bambo ako akuti uwatumizire masokosi a kunja. Akale aja zala zonse zikusuzumira panja.

Ndine mayi ako.


14 Novembala

Kwa Apongozi anga olemekezeka,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amuna anu, ndiponso kuti ana a sukulu sakukutopetsani kwambiri. Kuno tonse tili bwino.

Tikukuyembekezani ndi chimwemwe patsiku la phwando. Chonde musavutike kubweretsa kanthu, ndipo za kukhitchini musade nazo nkhawa ngakhale pang'ono, zonse zili ndi eni ake. Inu mudzangofika, n'kukhala pabalaza, n'kupumula. Kapu yanu ya maluwa ija ndakusungirani pamalo pake.

Mutidziwitse tsiku limene mudzanyamuke.

Ndine apongozi anu.


22 Novembala

Mlamu wanga Mzime,

Uli bwanji kozizirako? Ukudya, kapena ukungonunkhiza makeke a eni ake? Ife kuno kutauni tili bwino, ngakhale achimwene ako ayamba kusintha mtundu. Ndikufotokozera.

Tsiku limene iwo anandiuza kuti iwe subwera, ndinakumvera chisoni, koma ndisakunamize, mtima wina unavina. Ndinati basi, mbale yachikasu yasowa mwini, chaka chino ndi changa. Mawa lake ndinagula karoti wodzaza dengu. Ndinayamba kuyeserera monga ndinkaonera m'mbale yako patebulo: kudula mopendeketsa, batala, jinja pang'ono, uchi. Mlamu, uchi ndi wachiwembu! Ukangotembenuka kuti utenge mchere, wapserera. Poto wanga wabwino ndamupsereza kangati konse, mpaka aneba anagogoda kufunsa ngati tikuwotcha matayala. Achimwene ako adya karoti m'mawa, masana ndi madzulo. Dzulo anandifunsa mwaulemu ngati m'nyumba muno mudzapezekenso chakudya cha mtundu wina asanamwalire. Koma tsopano ndamudziwa karoti ameneyu, amatuluka wonyezimira, wofewa koma wosaphwanyika.

Kenako kalata ya Amayi yafika. Akuti zonse zili ndi eni ake, ine ndidzangokhala pabalaza.

Ndikuuze zoona, ndinalira. Iwe sudziwa mmene pabalaza paja pamakhalira, chifukwa sunakhalepo. Chitseko cha kukhitchini chimakhala chotseka. Kuseri kwake ndimamva Amayi akukuwa, Azakhali akuyankha, iwe ukuseka mpaka kutsamwa, achimwene ako akukanira kuti kabichi sanapserere, wangodera. Ine ndili phee pa sofa ndi kapu ya maluwa, ndikucheza ndi alendo za mvula. Chaka chatha mkazi wa aneba anu anandifunsa kuti, "Nanunso mwaitanidwa?" Ndinangomwetulira. Amati mlendo ndi mame, koma mame anga atha zaka zitatu osakamuka.

Amayi sanandiyankhulepo mawu oipa ngakhale amodzi. Mwina vuto ndi lomwelo. Aliyense amene amamukonda amamukalipira, ine amandipatsa ulemu ngati wobwera kudzawerenga mita ya magetsi.

Ndaganiza zosapita. Ndiwalembera kuti ndili ndi mapepala a mayeso oti ndichonge. Izi zikhale za iwe ndi ine, ukangowauza Amayi, chilamu chatha. Undilembere za kumeneko, ndisekeko.

Ndine mlamu wako.


3 Disembala

Mzime,

Moni. Masokosi afika, bambo ako akuyenda nawo pabwalo opanda nsapato kuti aneba awaone. Za uchi wandiyankha mzere umodzi wokha, kuti pomaliza. Mapepala akudula kumeneko?

Kuno zinthu zavuta. Aphunzitsi alemba kuti mwina sabwera, akuti ali ndi mayeso oti achonge. Ine ndakhala telala moyo wanga wonse, msoko wosokedwa mothamanga ndimauona ndili patali. Mayeso anji ochonga sukulu zitatsekera?

Ndakhala ndikusinkhasinkha, ndipo chifukwa chake ndachipeza. Ndi phokoso lathu. Munthu wophunzira, woleredwa mofatsa, amakhala pabalaza n'kumamva ife tikukuwizana kukhitchini ngati pamsika. Chaka chatha ndinatchula achimwene ako kuti chidzete, mkazi wawo ali kuseri kwa chitseko! Ndikakumbukira ndimachita manyazi mpaka kumapazi. Ndani angafune kubwereranso kunyumba yotero?

Ndiye ndakhazikitsa lamulo. Chaka chino kukhitchini tidzanong'ona. Wokweza mawu atuluka, ngakhale akhale Azakhali. Chitseko ndachiika kansalu kunsi kuti mawu asadutse. Ndasokanso khushoni yatsopano ya pa sofa, yofewa bwino. Achimwene ako ndawaimbira foni kuti abwere ndi mkazi wawo ngakhale pomubereka kumsana, apo ayi kabichi ndipatsa mbuzi.

Mzime, iwe uli kutali, sindingachitire mwina. Koma ndikataya ndi mpongozi yemwe chifukwa cha pakamwa pangapa, tebulo lija lidzandikulira. Ndimamukonda mwana uja, kungoti sindidziwa pomugwira.

Ndine mayi ako.


14 Disembala

Alamu anga okondedwa,

Muli bwanji, nanga achimwene akadali ndi moyo? Muwauze kuti karoti amathandiza maso, aziona bwino mkazi amene anakwatira.

Ine kuno ndatsala pang'ono kuzula tsitsi langa lonse. Makalata anu ndi a Amayi ndawaika pamodzi patebulo, ndikawerenga iyi ndiseka, ndikawerenga iyo ndilira. Lonjezo ndasunga, sindinawauze kanthu. Nawonso zawo sindikuuzani. Koma mverani izi.

Mukudikira kuti Amayi akupatseni mbale ndi manja awiri? Mudzakalamba pa sofa. Kwathu palibe amene anapatsidwa mbale mwaulemu. Achimwene anagwidwa akuba nyama, chilango chake chinali kudula kabichi, mpaka lero akadali m'chilango. Azakhali anangolowa kudzanena kuti mpunga wa Amayi ndi phala, Amayi n'kuwaponyera supuni kuti phikani wanu tione. Ine ndinalowa ndikulira kuti chidole changa chathyoka, ndinatuluka nditasenda karoti.

Pitani, alamu, chonde. Tiyi wa m'kapu ya maluwa mumusiye azizire. Mutsegule chitseko chija osaodira, muime pamalo olakwika, mutchinge njira. Zotsalazo Amayi adzachita okha, sangapirire.

Ndikungopempha kuti kalatayi ikupezeni musananyamuke, chifukwa positi ya nyengo ino imayenda ngati bondo la Ababa. Mundiuze zonse, osasiya ngakhale khoko.

Mlamu wanu Mzime.


28 Disembala

Mzime wanga,

Tili bwino tonse, takhuta, ndipo ine ndili ndi chotupa pamutu. Tsopano iweyo ndiye ukhale pansi.

Anabwera. Anafika m'mawa, Aphunzitsi atavala diresi loyera, nkhope yaulemu koma yozizira. Ndinawakhazika pa khushoni yatsopano pamodzi ndi aneba ndi akazi awo, ndinawathirira tiyi m'kapu ya maluwa, ndinatseka chitseko.

Mwana wanga, khitchini yonong'ona ndi malo oopsa. Azakhali ako kunong'ona sadziwa, anangosankha kukhala duu, akuvundula mpunga nkhope ili ngati ali pamaliro. Achimwene ako ankayenda monyang'ama. Ngakhale bambo ako panja ankatembenuza nyama mwakachetechete ngati yakuba. Ndikafuna mchere ndinkaloza ndi chala, n'kupatsidwa shuga.

Karoti anafewa bwino, ndinathira uchi pomaliza monga unanenera. Nthawi yomweyo ndinakumbukira kuti mbatatesi zikufuna kutembenuza. Mapanga awiri avumbwitsa, Mzime. Ndinagwada, mutu pakamwa pa uvuni, n'kuyamba kuzitembenuza imodziimodzi. Fungo la kupserera tinalimva, koma ine ndi Azakhali tinangoti ndi kabichi monga chaka chilichonse. Achimwene ako okha ndi amene anaona kuti ndi karoti. Akuti anandinong'oneza mobwerezabwereza. Ananong'oneza kukhutu lakumanzere, lija linagontha ndi makina osokera! Ndawafunsa kuti bwanji osangochotsa potoyo, akuti kuyambira ali mwana ndinawaletsa kukhudza poto wa munthu wina. Mwana womvera pa nthawi yolakwika.

Kenako chitseko chinangoti phwaa, kansalu kanga kuulukira uko.

"Chotsani karoti pamoto! Uchi ukupserera! Inu bambo, mwangoti kakasi bwanji, tsegulani zenera! Azakhali, sunthani!"

Mzime, mawu amenewo! Mawu oimitsa kalasi yonse ya ana osamva. Azakhali anadumpha ngati mtsikana. Bambo ako panja akuti anaponya foloko n'kuima njo, manja m'mbali. Ine ndinadzidzimuka n'kugunda mutu pa uvuni, ndipo ukudziwa kuti ndikamva ululu pakamwa pamathamanga kusiya nzeru m'mbuyo. Ndisanaone n'komwe kuti ndi ndani, ndinali nditakuwa kale.

"Nanga iwe waimiranji pakhomo ngati chipilala? Manja ulibe? Mpeni uwo, karoti wina ali m'dengu umo, senda msanga!"

Nditatembenuka ndinaona diresi loyera. Ndinagwira pakamwa. M'khitchini utsi unali tolotolo. Ndinati basi, ndamaliza ndekha, mwana wa eni ake sadzapondanso pano.

Iye anandiyang'ana, maso ali ndengundengu ndi misozi, koma akumwetulira mpaka mano onse panja. Anati, "Chabwino, Amayi." Anavula nsapato zake zazitali, anaziponya pakona, anakoka kampando kako kaja n'kuyamba kusenda.

Ndinakhala naye pansi ndi mpeni wina. Ndinaona akudula mopendeketsa ngati iwe. Ndinafunsa kuti waphunzira kuti, achimwene ako n'kuyankha ali pazenera kuti, "Amayi, ine ndadya karoti mwezi wathunthu, musandifunse zambiri." Apo ndiye zonse zinatuluka, za kuyeserera, za kalata yanga, za mayeso abodza aja. Ine ndinamufotokozera za thumba la mbatatesi ndi lumbiro langa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa.

"Nanga tsiku limenelo, Amayi, apongozi anuwo anali nanu m'khitchinimo?"

Ndinati ayi, ananditsekera ndekha, iwo onse ali pabalaza akuseka.

Anangopitiriza kusenda. Koma ine mpeni unaima m'manja. Zaka zonsezi ndinkati chinandiliza tsiku lija ndi matuza. Sanali matuza, Mzime, chinali chitseko. Ndipo ine ndi nzeru zanga zonse ndinatenga chitseko chomwecho n'kumutsekera mwana wa mnzanga, kungosintha mbali. Ndinalira, ndipo sindinanamizire anyezi.

Azakhali ndi amene anatipulumutsa. Anati, "Ndiye tayamba kuyankhula kapena tidikire belu?" Phokoso linabwerera lonse nthawi imodzi. Karoti wachiwiri anaphika yekha mlamu wako, ine nditaima pambali ndikumuuza kuti moto wachuluka, iye akundiyankha kuti sunachuluke. Sunachulukedi. Uchi amathira atachotsa poto pamoto, n'kumugwedeza, ndiye supserera. Iwe zimenezi sunandiuze.

Tinadya mochedwa koma palibe anadandaula. Mbatatesi zinali zokhukhuta kunja, zofewa m'kati. Mpunga unali woyoyoka. Kabichi, pa puleti lozizira lija, kwa nthawi yoyamba sanapserere, anali wamuwisi. Mbale yachikasu ndi imene inayamba kutha, bambo ako anaipukuta ndi chala.

Ndiye ndikuuze mosabisa, mbale yako yapita. Chaka chamawa ukabwera, zitheba zilibe mwini. Ukakana, khushoni yatsopano ilipo, ndi kapu ya maluwa.

Tinakusowa kwambiri, mwana wanga. Uvale zofunda.

Ndine mayi ako.


6 Januwale

Mlamu wanga,

Chaka chabwino! Uli bwanji? Ife tabwerera bwino. Achimwene ako alumbira kuti sadyanso karoti mpaka phwando lina, ndipo ndawalola.

Kalata yako ndaipeza pansi pa chitseko dzulo, itachedwa milungu itatu. Ndawerenga ndikuseka ndekha. Malangizo ako anali abwino, kungoti mphuno yanga inafika msanga kuposa positi. Sindinakonzekere chilichonse. Ndinapita chifukwa achimwene ako anachita kundigwadira. Ndinali pa sofa, ndikumvetsera aneba akufotokoza za matenda a nkhuku zawo, kukhitchini kuli zii ngati mulibe anthu. Mumtima ndinati taonani, tsopano ngakhale kuseka asiya chifukwa cha ine. Kenako ndinamva fungo lija. Fungo la uchi wopserera ndimalidziwa kuposa munthu aliyense padziko lino. Zimene ndinachita pambuyo pake sindikuzikumbukira bwino, akuti ndinalamula Azakhali kuti asunthe. Ine! Ndikaganiza ndimabisa nkhope m'manja.

Zina zonse Amayi akuuza kale, ndikudziwa. Koma ichi sanakuuze. Titatha kudya ndinayamba kubwerera pabalaza mwachizolowezi. Iwo anandikoka diresi kumbuyo, loyera lija, limene tsopano lili ndi mapu a batala kutsogolo. Anati, "Ukupita kuti? Walira mvula walira matope. Poto wopserera uja akudikira iwe." Ndinamukwecha mpaka mikono kuwawa, iwo ataima pambali akundiuza kuti ndikuwononga sopo. Diresi silinayere, ndipo chala changa chachikulu chili ndi thuza. Ndikumalionetsa kwa aphunzitsi anzanga ngati mphete.

Pepa za mbale yako. Sindibweza.

Pomaliza Azakhali anafulula tiyi wa anthu a kukhitchini. Makapu abwino onse anali kwa alendo, ine anandipatsa ija yakale yopanda chogwirira, imene Azakhaliwo amayezera mpunga. Ndinamwa chiimirire, nditatsamira sinki, wopanda nsapato, tiyi wake wozizira kale ndi shuga wochuluka, Amayi akundikankha ndi chigongono kuti ndatchinga njira.

Mlamu, chibadwire sindinamwepo tiyi wokoma ngati ameneyo.

Ndine mlamu wako, mwini wake wa karoti.